Kukafunira Ramu Mnzake ku Chipata

Ndinanyamuka ku Chiparamba Lachisanu m'mawa dzuwa lisanakwiye, kompyuta ili kumsana. Ndinaikulunga m'bulangete n'kuibereka ndi chitenje, chifukwa msewu wathu wafumbi suchitira chifundo chinthu chamawaya. Amuna anga, a Jere, sananditsanzike. Anali chigonere, nkhope ataloza kukhoma, monga analili masiku onse amenewo.

A Jere anayendetsa mathiraki moyo wawo wonse mpaka sitiroko inawafooketsa dzanja ndi mwendo wakumanzere. Mwana wathu Mabvuto, amene amagwira ntchito ku Kitwe, ndiye anawabweretsera kompyuta ya pa tebulo, chiwongolero chake, ndi gemu yoyendetsa mathiraki. Ine ndinaseka mpaka misozi kuona munthu wa imvi akusewera. Koma dzanja limene linkakana supuni linayamba kugwira chiwongolero, ndipo munthu amene anasiya kucheza anayambanso kukalipira madalaivala a pagalasi. Kenaka thiraki ya m'gemuyo inayamba kumaima yokha pakati pa msewu. Mabvuto anati ramu yachepa, kachipangizo kamene kompyuta imagwiriramo zonse zimene ikuchita pa nthawiyo, ndipo anatumiza ndalama kuti tikagule yaikulu. A Jere anamva chisoni ndi thumba la mwana. Ine ndili kumunda, anatsegula bokosi kuti akonze okha, ndipo kuyambira tsikulo kompyuta inkangolira tii tii, galasi lili bii. "Ndaipha ndekha," anatero, n'kukagona. Dzanja lija linayambanso kupindika, ndipo ine mantha anandigwira kuti ulendo uno sadzukanso.

Kuchoka kwathu kukafika pa tala ndinakwera njinga yamoto, makwacha makumi atatu. Woyendetsa anayang'ana mtolo wa kumsana kwanga n'kufunsa modandaula, "Amai, mwana sali bwino? Tithamange?"

"Akudwaladi," ndinatero, "koma mukathamanga ndiye atisiya."

Atamva kuti ndi kompyuta anaseka, komabe anayenda ngati wanyamula mazira, kuzemba dzenje lililonse. Anzake ankatipitirira akuliza hutala, iye osatekeseka. Ndinamuyamikira mumtima, chifukwa achinyamata a njinga zamoto sadziwika ndi kudekha.

Pa msewu waukulu, chakufupi ndi Mtenguleni, ndinapeza minibasi ya ku Chipata, makwacha makumi anayi. Kondakitala anagogoda mtolo wanga ndi chala. "Aka kakatundu kalipira mpando, amai."

"Mwana wa kumsana anayamba liti kulipira?"

Basi yonse inafa nacho chiseko, ndipo iye anangoti, "Lowani chabe, mwandigonjetsa." Kompyuta ndinaifukata pamiyendo njira yonse. Mayi amene ndinakhala naye, atanyamula nkhuku m'dengu, anasuzumira m'bulangete n'kufunsa ngati ndi wailesi ya kutchalitchi. Kunja minda inali itakololedwa, mapesi ali mbwee, mapiri a Chipata akuyandikira pang'onopang'ono. Thiraki iliyonse yotipitirira yolowera ku malire a Malawi ndinkaitsatira ndi maso mpaka itazimiririka, mtima uli kunyumba.

Tinatsikira ku Kapata dzuwa litakwera. Wa njinga yakapalasa ananditenga pa makwacha khumi mpaka ku Down Shops, kumene amati ukasowa chinthu ndiye kuti sichinapangidwe. Pa kashopu koyamba, ka mafoni, anandionetsa ramu yokongola yokhala ndi timagetsi, n'kundiuza kuti imeneyo imalowa paliponse. Nditapempha kuti atsegule bokosi tiyese, mwini wake anati alibe nthawi. Ine za kompyuta sindidziwa, koma nsapato sindinagulepo osayesa. Ndinaberekanso katundu wanga. Mayi wina wogulitsa zitenje ndiye anandilozera kakhomo kopapatiza pakati pa shopu ya mapoto ndi ya matayala a njinga. "Pitani kwa Che Saidi," anatero. "Koma fulumirani, lero ni Lachisanu."

Ndinafika mawu oitanira anthu ku mzikiti akumveka, Che Saidi ali ndi loko m'manja. Anali bambo wa ndevu zotuwa, atavala mkanjo woyera bwino. Iwo anayang'ana thukuta langa, anayang'ana chitenje, n'kutsegulanso chitseko. Anatulutsa benchi ndi botolo la madzi.

"Amayi, pepani, nthawi ya swala yakwana. Khalani pamthunzi pano. Ndikangobwera, oyamba ndinu."

Mashopu ambiri a mumzerewo anatseka, msewu unangoti zii. Ndinagula zitumbuwa ziwiri ndi maheu kwa mayi wodutsa, ndipo ndinadya ndikuyang'ana mthunzi wa khonde ukusuntha. Ndinaganiza zobwerera kwa wa timagetsi uja kuti ndisachedwe, koma benchi ija inandigwira. Munthu amene wakupatsa pokhala asanadziwe ngati ugula kanthu sumuthawa.

Atabwera anaika kompyuta pa tebulo n'kumasula zomangira mosapupuluma. Atangochotsa chivundikiro anaima, ananunkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Amayi, kunyumba kwanu kuli dalaivala?"

Ine ndinali ndisanawauze chilichonse. "Mwadziwa bwanji, abambo?"

"Parafini. Ramu iyi yatsukidwa ngati chitsulo cha injini. Ndipo aitsuka mwaluso, palibe fumbi ngakhale pang'ono."

Sanaseke mpaka ine nditayamba. Kenaka anandiuza kuti bambo awo, telala wochokera ku Mangochi, ankathira mafuta a makina osokera pa chilichonse chodwala m'nyumba, ngakhale wailesi. Apo ndipo ndinawafotokozera za a Jere, za dzanja, ndi za khoma limene akhala akuliyang'ana. Anamvetsera osandidula. Atatero anazula ramu ija, kachinthu kobiriwira kotalika ngati chipeso, ndipo anaipukuta mano ake agolide ndi sipiriti, kupukutanso mpata umene imakhalamo, kudikira ziume. Ataibwezera inamveka kuti tha. Anayatsa, ndipo galasi la pa tebulo pawo linawala. Ndinaimba nthungululu m'shopu ya eni, mpaka wa mapoto anasuzumira.

"Tsopano ndipatseni yaikulu kuposa zonse," ndinatero. "Mwana anatumiza ndalama."

Che Saidi anayala maramu angapo pa nsalu. Anandionetsa kampata kamene kali pakati pa mano a iliyonse. Mitundu yake imasiyana, anatero, ndipo kampatako kamakhala pamalo posiyana dala, kuti ya mtundu wina isalowe m'bodi ya mtundu wina. Bodiyo ndi thabwa la mawaya la m'kati mwa kompyuta limene ramu imalowapo. Anatenga ina yatsopano yofanana ndi ya timagetsi ija n'kuiyandikiza pa bodi yathu. Kampata kake kanali pena, ndipo munthu woikakamiza akanathyola bodi yonse. Ndinakumbukira kuti ndinatsala pang'ono kuigula.

"Bodi yanu ili ndi mipata iwiri," anapitiriza. "Kukula kwa ramu timayeza ndi magiga, ndipo ya a dalaivala ndi ya magiga eyiti. Ndili nayo ya sikisitini pano, tikhoza kuchotsa yawoyo n'kuika imeneyi yokha. Koma ziwiri za eyiti zogwira ntchito limodzi zimapatsira gemu msanga kuposa imodzi yaikulu. Chofunika n'chakuti zifanane liwiro. Mukaphatikiza yothamanga ndi yochedwa, yothamangayo imatsika n'kumayenda ngati inzakeyo, ndipo nthawi zina zimangokanirana."

"Ngati ng'ombe za pa goli," ndinatero.

"Basi, amayi, mwamaliza sukulu yonse."

Anafufuza m'madilowa awo koma yofanana nayo analibe. Apa ndi pamene ndinaona chimene sindinachionepo pa malonda. Yaikulu ija inali pomwepo, yodula, ine ndili wokonzeka kulipira, ndipo sindikanadziwa kanthu. Iwo anaibweza m'kabokosi, anatenga ramu ya a Jere, n'kunditsanzika kuti akubwera. Ndinawaona akuwoloka msewu, mkanjo ukuuluzika, kulowa m'shopu ya mnzawo wogulitsa katundu yemweyo. Anatulukamo chimanjamanja, analowa ina. Pobwera anali ndi ziwiri m'manja, zilembo za pa timapepala take zikufanana.

"Mwadzivutitsiranji chonchi?" ndinafunsa.

"Ya a dalaivala ili moyo, amayi. Tiitayirenji?"

Anazilowetsa zonse ziwiri n'kuyatsa gemu, ndipo anayendetsa thiraki ndi mabatani kudutsa m'tauni yodzaza magalimoto, mvula ikugwa pagalasi, malo amene kunyumba inkaimira nthawi zonse. Sinaime. Ine amene ndimanenerera ngakhale mtengo wa singano, tsiku limenelo ndinalipira osatsegula pakamwa. Akundithandiza kubereka, anati, "Mukawauze a dalaivala kuti sanaiphe. Koma fumbi likadzachuluka azingopemerera, parafini asiyire nyali."

Ulendo wobwerera unali wa phee. Ndinagula nthochi pa Kapata, ndipo kondakitala wa basi iyi sanafunse za mpando. Ndinakhala pawindo ndikuganiza kuti ndinachoka kwathu kukafuna chachikulu, poyesa kuti chachikulu ndicho chimachiritsa, koma chimene chinkasowa chinali choyenerana ndi chimene tinali nacho kale. Ndinaganizanso za munthu amene anawoloka msewu kukapereka malonda kwa mnzake chifukwa cha dalaivala amene sanamuonepo. Anthu otere alipo ndithu, ndipo wina ali pakati pa mapoto ndi matayala.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mwamwayi magetsi alipo. A Jere anali momwe ndinawasiyira. Ndinalumikiza mawaya mwakachetechete, kenaka ndinaima pakhomo la kuchipinda.

"Bambo a Mabvuto, akuti simunaiphe. Ramu yanu ija ili momwemo, ikugwira ntchito. Angoipezera mnzake."

Ndinabwerera pabalaza n'kuyatsa gemu, ndipo injini ya thiraki inalira nyumba yonse. Patapita kanthawi ndinamva bedi likulira, kenaka ndodo, go, go, go. Anakhala pa mpando wawo, ananyamula dzanja lamanzere ndi lamanja n'kuliika pa chiwongolero. Zala zinagwira.

"Amake Mabvuto," anatero osandiyang'ana, "kokani mpando."

Zaka zonse zimene anayendetsa mathiraki, kampani sinkalola mkazi kukwera, ndipo ine ndinkangowaperekeza pa msewu ndi kamba wa paulendo. Ndinakoka mpando n'kukhala kumanzere kwawo, fumbi la ku Chipata lidakali kumapazi, misozi ikulengeza.

"Mwatseka chitseko?" anafunsa.

"Ndatseka."

"Gwiritsani, tikunyamuka."