Phulusa Limene Ndinabisa Kuseri kwa Nyumba

Inu owerenga, ine sindine munthu wolankhulalankhula, ndipo kuti ndilembe izi panditengera miyezi. Ndinalakwa. Ndinabisira mwana wanga chinthu chimene ndinayenera kumuuza, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti cholakwa changacho chinafika pati.

Ndimakhala ku Senga Bay, kumene ndinakhazikika nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Mkazi wanga atamwalira anandisiyira kadimba kuseri kwa nyumba, momwe ankalimamo mpiru ndi tomato. Pambali pake pali kashedi kamene ndinalola a Juma, okonza mafoni, matochi ndi nyali za asodzi, kuti azigwiriramo ntchito. Mabatire otupa ndi otha mphamvu ankawataya m'dzenje pafupi ndi dimbalo. Ndinkaona, koma sindinkaganizapo kanthu. A Juma atasamukira ku boma, mvula inadzaza dzenje lija, madzi n'kusefukira m'mabedi. Chaka chimenecho mpiru unachita chikasu, tomato n'kupinimbira.

Ndinadandaulira muphwa wanga Lameki, yemwe amagwira ntchito pa famu ina yololedwa kulima chamba cha m'mafakitale, chija amati hempu. Atafukula dzenje lija anapukusa mutu.

"Amalume, m'mabatire awa muli lithiamu. Nthakayi yamwa poizoni. Dzalani hempu, mizu yake amati imayamwa zimenezi."

"Iwe, ine mkulu wa mpingo ndidzale chamba?"

Anaseka. "Si chosuta ichi, amalume. Olo mutasuta mtolo wonse, mungotsokomola basi."

Ndinapempherera nkhaniyi sabata zingapo, koma mtima sunakhazikike. Mbali ina ndinkati chomera chilichonse anachilenga ndi Mulungu. Mbali ina ndinkaganiza za nkhope za akhristu anzanga. Pomaliza ndinavomera chifukwa sindinkafuna kuti dimba la mkazi wanga life. Tinachotsa mabatire aja, Lameki anabweretsa mbewu, ine n'kukweza mpanda wa bango kuti wodutsa asaone. Za chiphaso chololeza kulima hempu sindinafunse. Koma funso lalikulu limene sindinafunse ndi ili: poizoniyo akalowa m'chomera, amapita kuti?

Mbewu zinakula kupitirira msinkhu wanga. Pa nthawi yodula, Lameki anali atabwerera ku ntchito, ndipo ine ndinachita manyazi kumuimbira foni anthu akumva. Ndinadula ndekha, n'kuumitsa. Tsiku lina anansi onse atapita ku maliro, ndinaziwotcha. M'mutu mwanga ndinkati moto umayeretsa zonse. Panatsala phulusa loyera bwino, losalala, ndipo ndinaliwolera m'beseni lakale n'kuliika pansi pa khonde lakuseri, poganiza kuti ndidzalitaya.

Mwezi womwewo mwana wanga Tiyamike anabwera kuchokera ku Chipoka ali woyembekezera mwana wake woyamba. Mayi ake kulibe, komabe anati akufuna kudikirira kwawo. Chimene ankalakalaka kwambiri chinali thelele lophika ngati mmene ankaphikira mayi ake, osati ndi soda wa m'golosale, koma ndi chidulo, madzi aja otcheza m'phulusa. Kwa sabata ziwiri tinkadya thelele pafupifupi tsiku lililonse. Ine ndinkayamikira, mpaka kunena kuti dzanja lake ndi la mayi ake enieni.

Tsiku lina masana ndinamupeza kuseri, chitini chobowola chili pamwamba pa kambale, madzi akudontha.

"Phulusali walitenga kuti?"

"M'beseni muja, ababa. Si la mapesi a chimanga?"

Inu owerenga, apa ndiye pamene ndinalakwitsitsa. Sindinamuuze. Ndinangoti phulusalo ndi lakale, alisiye. Ndinalichotsa, n'kudziuza kuti mwina Lameki ankakokomeza, mwina chomeracho sichinayamwe kanthu, mwina moto unathana nazo. Ine ndemwe ndinadya nawo, bwanji ndinali bwinobwino?

Patapita masiku awiri Tiyamike anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, manja akunjenjemera moti kapu ya tiyi inamugwa. Tinakwera minibasi mpaka kuchipatala. Namwino atafunsa ngati wadya chinthu chachilendo, iye anati ayi. Pamenepo m'pamene ndinatsegula pakamwa, n'kunena zonse, za mabatire, za hempu, za phulusa. Tiyamike anandiyang'ana ngati akuona mlendo.

"Ababa, za chambazo sindikanakuweruzani. Koma munadziwa zimene ndadya, inu n'kukhala chete?"



Anamugoneka masiku angapo ndipo anachira. Adokotala anati sangathe kunena motsimikiza ngati chinamudwalitsa ndi phulusalo kapena matenda ena. Mwana anabadwa wamkazi, wochepa thupi. Tsopano akukwawa, koma anzake obadwa mwezi womwewo aima kale. Amayi a ku mpingo amati ana amasiyana, ndisade nkhawa. Mwina n'zoona. Koma ndikamunyamula ndimangoyang'ana timanja take ngati sitikunjenjemera.

Lameki nditamuuza anagwira m'mutu. Anati zomera zotere zikadulidwa zimafunika kuzisamala ngati poizoni amene, ndipo ukaziwotcha poizoniyo sapsa, amangotsalira m'phulusa. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Iye anati ankaganiza kuti ndidzamuimbira. Sindimuimba mlandu. Ngati nthaka ija inayera, sindikudziwa. Ngati inali ndi lithiamu kapena chinthu china, sindikudziwanso. M'dimbamo sindinadzalemo kanthu kufikira lero.

Ndikupempheni, abale anga. Musataye mabatire pafupi ndi dimba kapena chitsime. Wina akakuuzani kuti chomera chimayamwa poizoni, musadzale musanafunse alangizi za chilolezo, ndiponso za kumene mudzapite nacho chikakhwima. Koposa zonse, chinthu choopsa chikakhala pakhomo panu, auzeni amene mumadya nawo, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Ine ndinaopa maso a mpingo kuposa mmene ndinaopera moyo wa mwana wanga.

Tiyamike anandikhululukira, ndipo amabwera kudzandiona. Koma akamabwera, soda amatenga wake m'chikwama. Phulusa lija ndinalitsekera m'mgolo, n'kulembapo ndi penti kuti poizoni. Lidakali kuseri kwa nyumba, chifukwa sindikudziwa kokalitaya.