Dzanja Langa pa Giya Yachitatu

Vani yathu inali ndi khalidwe limodzi loipa. Tikamakwera chitunda cha pamsewu wafumbi wochoka ku Kanakantapa, giya yachitatu inkachoka yokha. Bambo a ana anga sakanasiya chiwongolero chifukwa cha maenje, ndiye ntchito yogwira giya inali yanga. Kwa zaka zambiri ndinkapita nawo ku Lusaka kukagulitsa matimati, nditakhala kutsogolo, dzanja pachitsulo. Kunyumba bambowa salankhula. M'galimotomo ndi momwe anandiuza kuti anachita mantha chaka chomwe ndinadwala. Maulendo amenewo ndinkawakonda kwambiri.

Kenako bambowa anatopa nayo giyayo. Anamasula giyabokosi, nakaisiya kwa wogulitsa zitsulo zakale kutauni, ndipo patapita sabata anabwera ndi ina yopakidwa penti yasiliva, akuti yatsopano.

"Iyi ni ya manje manje," anatero. "Mukati anasintha, meno ni olimba, giya siizachoka futi. Imwe amake mwana muzikhala pa nyumba, mupumuleko."

Kupumula kwake kunali kupalira chimanga.

Makanika wathu, mkulu waimvi, anaizungulira, anaigogoda, ananunkhiza mafuta.

"Ba bosi, kunja zonse zifanana," anatero. "Kuti tiziwe ngati mukati ni mwa manje, tione nambala pambali. Olo tiitsegule."

Bambo anakana, akuti chinthu chatsopano satsegula. Nambalayo inali itakwiririka ndi penti. Amuna awiriwa maso anali atawathera, koma panalibe wovomera. Anangondiitana kuti ndibwere ndi mpeni wakukhitchini.

Ndinagwada n'kuyamba kupala. Nambala inali yofufutika. Koma pansi, potulutsira mafuta, penti itachoka ndinaona bawuti yobenthuka mbali imodzi. Ndinaidziwa nthawi yomweyo. Ndine ndinaimasula papulawo yathu chaka chomwe yeniyeni inatayika m'munda. Giyabokosi yathu inangopita kutauni kukasamba.

"Mwaona chani?" anafunsa bambo.

"Nambala siioneka," ndinayankha. Silinali bodza, ndiye sindinakaulule kwa wansembe.

Makanika anaimanga pavani tsiku lomwelo. Ulendo woyamba ndinapempha kupita nawo, ndinati ndikatsanzike amayi anzanga akumsika. Anavomera, akuti kotsiriza. Njira yonse anatamanda giyabokosi yawo, ine ndikungoyang'ana minda ya anthu.

Pakati pa chitunda giya inachoka. Injini inalira pachabe, mabokosi a matimati anagundana kumbuyo. Bambo anaibwezera, nkhope ili gwa. Ndinawamvera chisoni, koma pang'ono chabe.

"Gwirani," anatero, osandiyang'ana.

"Nagwira kudala," ndinatero, dzanja lili kale pachitsulo.

Bambo anayendetsa mpaka pamwamba. Titafika pamsewu watala anatsokomola, kenako anayamba kundiuza kuti mwana wathu wamkulu akuwadetsa nkhawa. Dzanja sindinalichotse, ngakhale pamenepo giya sinkachoka.