Mchenga Wobwera pa Bwato mu Mzinda Wopanda Doko

Masiku atatu ndakhala ndikupempha nambala imodzi yokha. Chimene andipatsa lero ndi pepala labodza.

Ndine wophunzira wa chaka chomaliza pa koleji ina kuno ku Joni, ndipo ndimaphunzira za zomangamanga. Mawa Lachisanu, 12 koloko masana, ndiyenera kupereka kafukufuku wanga. Ndikalephera ndibwereza chaka chonse. Azakhali anga, amene ndimakhala nawo ku Bertrams, akhala akukolopa m'nyumba za anthu ku Rosebank kuti ine ndifike pamene ndafikapa. Sindingawauze kuti apirirenso chaka china.

Nkhani ya kafukufukuyu ndi yosavuta kumva. Chipangizo chilichonse chomangira nyumba chimakhala chitatulutsa kale mpweya wa kaboni chisanafike kwa mmisiri: pokumba mchenga, popanga simenti, poyendetsa makina, ponyamula pa lole. Ine ndikuyerekeza njerwa zowotcha ndi nkhuni, ngati za kwathu ku Ntcheu, ndi mabuloko amene amati sawononga chilengedwe. Manambala otere amapezeka pa intaneti. A zipangizo za ku Ulaya ndi ochuluka, munthu amachita kusankha. A mabuloko opangidwa kuno ndinafufuza mpaka kutopa. Aphunzitsi anga anati ndipite kwa opanga eniake.

Lachiwiri, 9 koloko m'mawa, ndinafika pa kampani ina youmba ndi kugulitsa mabuloko kum'mawa kwa mzinda. Mayi wa pa kauntala anandifunsa kuti ndikufuna mabuloko angati. Ndinafotokoza kuti ndikufuna pepala losonyeza kuchuluka kwa mpweya umene umatuluka popanga buloko limodzi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandilozera chikwangwani chojambulidwa tsamba lobiriwira. Anati umboni wake ndi umenewo. Kodi tsamba ndingalichulukitse ndi chiyani? Ndilijambule m'bokosi lolembamo nambala m'kafukufuku wanga? Anati ndilembe imelo. Ndinailemba pomwepo, iye akuona.

Lachitatu ndinaimba foni kanayi. 10 koloko, a manijala ali pa msonkhano. 1 koloko, akudya. 3 koloko, apita kukaona makasitomala. 4 koloko itangokwana, aweruka. Mayi uja anamaliza ndi kundilangiza kuti ndisamadzipanikize, sukulu siithawa.

Lero ndinafika 8 koloko, geti akungotsegula. Ndinakhala pa mpando wapulasitiki mpaka 11:20. A manijala atatulukira sanandipatse moni. Anasindikiza masamba asanu ndi limodzi, chizindikiro cha kampani yawo chili pamwamba, n'kundiponyera pa kauntala. Ndinathokoza kawiri. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinawerama pang'ono.

Ndinayamba kuwerenga nditaima panja, pafupi ndi mulu wa mabuloko. Nambala inalipo, yaing'ono, yokongola. Koma pa tsamba lachinayi panalembedwa kuti mchenga umafika pa fakitale ndi bwato, kudzera mumtsinje. Magetsi akuti ndi a mphepo ndi madzi. M'munsi, m'zilembo zofuna magalasi, munali dzina la fakitale ina ya ku Ulaya.

Bwato! Mu Joni! Limakocheza pati? Nanga magetsi athu ambiri, amene aliyense akudziwa kuti amachokera ku malasha, asanduka liti a mphepo?

Ndiyenera kuti ndinadandaula mokweza m'Chichewa, chifukwa bambo wina wachikulire amene ankakankha wilibala anaima n'kundifunsa ngati ndine wa kumudzi. Anati iwo ndi a Jafali, a ku Machinga, ndipo ndi amene amathira simenti m'makina osakanizira. Nditawawerengera za bwato anaseka mpaka kutsamira wilibala.

"Ndiye kuti limadzera pa Park Station pamene timatsikira mabasi, chemwali. Ife timangoona malole."

Anandiuza kuti amadziwa kumene mchenga umachokera, ndi kuchuluka kwa matumba a simenti amene amalowa m'makina ulendo uliwonse. Ndi zimenezo ndikanatha kuwerengera ndekha nambala yoona. Ndinatulutsa kope ndi cholembera.

Sindinalembe ngakhale chilembo. A manijala anatulukira pakhomo n'kufunsa kuti tikukambirana chiyani m'chilankhulo chimene iwo sakumva. Anawakalipira a Jafali pamaso panga ngati mwana, munthu wa imvi. Anati kasakanizidwe ka simenti ndi chinsinsi cha kampani, ndipo wochiulula adziwe kumene kuli geti. A Jafali anagwira wilibala yawo osandiyang'ananso.

"Pitani, chemwali. Ana anga amadya za pano."

Ndinawatsatira a manijala mpaka mu ofesi n'kuwaonetsa tsamba lachinayi. Sanakane. Anati makina awo anagulidwa ku fakitale ya ku Ulayayo, choncho pepala ndi limodzi. Ndinafunsa ngati makinawo anabwera ndi mtsinje wake. Anati ndisachite mwano. Ndinafunsa ngati anayezapo mabuloko awo n'kamodzi komwe. Anati kuyeza n'kodula, ndipo palibe lamulo lowakakamiza kupereka zimenezo kwa mwana wa sukulu. Kenako anatsitsa mawu, ngati munthu wondifunira zabwino.

"Anzako onse amatenga pepala lomweli ndipo amakhoza. Kopera nambalayo, upite."

Sindinama, mu tekisi yobwerera ndinaganizira mawu amenewa njira yonse. Nambala ili m'chikwama. Kuikopera sikungatenge mphindi. Kafukufuku wanga angaoneke wathunthu, ndipo angatsimikizire zimene ine ndemwe ndimafuna kuti zikhale zoona, zoti mabuloko amaposa njerwa zimene zikutha mitengo kwathu. Mwina amaposadi. Koma ndingalembe bwanji zimenezo ndi umboni wa fakitale imene sindinaionepo, ya dziko limene silikudziwa mchenga wathu?

Ndawaimbira aphunzitsi anga 3 koloko. Amvetsera bwino. Anena kuti ndikhoza kusiya bokosilo lopanda kanthu n'kufotokoza chifukwa chake, koma oyesa kafukufuku ndi awiri, ndipo sangandilonjeze kuti winayo akavomera. Ndasankha kulisiya lopanda kanthu. Azakhali sindinawauzebe.

Anzanga ophunzira zomangamanga, ndi inu nonse amene mukugula zipangizo zotchedwa zosawononga chilengedwe, pepala akakupatsani muwerenge mpaka zilembo zing'onozing'ono. Funsani kuti fakitale yake ili kuti, magetsi ake ndi a chiyani.

Inu a kampani, dzina lanu sindinalitchule, koma imelo yanga muli nayo kuyambira Lachiwiri. Sindikupempha chinsinsi chanu, ndipo a Jafali asavutike chifukwa cha ine, sanandiuze nambala iliyonse. Ngati munayeza mabuloko anu, nditumizireni nambala yake. Ngati simunayeze, lembani mzere umodzi wonena choncho, n'kusayina, ndiuike m'kafukufuku ngati umboni. Ofesi yanu imatsegulidwa 8 koloko. Ku koleji amasiya kulandira 12 koloko. Muli ndi maola anayi.