Lyle Anakwera Kukatenga Babu

Lyle Dombrowski anafika ku Burbank, kumene amajambula masewero a pa TV, mu 1973 ali ndi jekete imodzi ndi nkhope ya munthu amene waponda mchira wa galu wa eni. Nkhope imeneyo ndiyo inampezera ntchito. Ine Roz ndinkasunga katundu wa pa siteji, makapu ndi mafoni osalira, ndiye zonse ndinaziona ndi maso angawa.

M'sewero la pa TV la Banja la a Tuttle, Lyle anali mlongo wa Azakhali Verna, mayi wa pakamwa polasa yemwe ankaseweredwa ndi Doreen Halvorsen. Anthu atamukonda Verna kuposa eni nyumba, mabwana anampatula n'kumupatsa sewero lakelake. Doreen anasamukira ku sewero latsopanolo ndi mlongo wake wa m'seweroyo, ndipo Lyle anagula galimoto tsiku lomwelo.

M'gawo lachisanu ndi chinayi olemba anampatsa mawu anayi okha: "Ndikukatenga babu kumwamba, achemwali." Anakwera. Masitepe a pa siteji sapita kulikonse, amathera pa thabwa pomwe pali kampando. Lyle anakhala pamenepo kudikira kuti amuitane.

Mlungu womwewo anabweretsa chinkhwe chotukwana. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, olemba n'kuiwaliratu kuti kumwamba kuli munthu. Kuno sachotsa munthu ntchito, ati n'zamwano. Amangosiya kumulembera mawu. Sewero linayenda zaka zisanu ndi ziwiri, chinkhwe chili ndi chipinda chakechake, Lyle akugulitsa makapeti ku Van Nuys.

Sankadandaula, ndipo zimenezo zinkandinyansa. Koma mu 1996, mabwana atalengeza gawo lapadera lokumanitsa osewera onse akale, anandiimbira foni.

"Roz, waliona buku la mbiri ya sewero lathu? Zinkhwe zonse zitatu zimene zinkasinthana m'sewero zilimo, ndi zithunzi zomwe. Ine mulibe. Ana anga amati ndimangodzichemerera."

"Akuitana?"

"Aitana chinkhwe."

"Vala jekete ija, chitsiru iwe. Ubwere Lachisanu."

Ndinamulowetsa pa khomo la katundu atanyamula mbali ina ya sofa. Mlonda sayang'ana nkhope ya munthu wonyamula sofa. Ndinamukweza pa thabwa lija, n'kumupatsa babu m'manja.

"Nditsike nthawi yanji?" anandinong'oneza.

"Wadikira zaka makumi awiri ndi ziwiri kuti akuuze. Tsika ukafuna."

Holo inadzaza. Doreen, tsitsi lambuu koma lilime likadali lomwe lija, anali pakati pokalipira chinkhwe pamene masitepe analira. Lyle anatsika pang'onopang'ono, dazi likunyezimira, n'kuima kumbuyo kwake.

"Ndalipeza babu lija, achemwali."

Zii. Bwana Feldkamp, mwini sewero, anandiyang'ana ngati andimeze. "Ndani ameneyu? Ndi wamagetsi?" M'holo monse munalibe amene anamuzindikira Lyle.

Doreen anatembenuka. Anamuyang'ana kuyambira pa dazi mpaka ku nsapato, analanda babu, n'kulizunguza pafupi ndi khutu.

"Zaka zonsezi, mlongo wanga, n'kundibweretsera lakupsa? Bwerera!"

Holo inaphulika ndi kuseka. Agogo ena a mzere wachitatu anakuwa kuti, "Ndi uja! Ndi mlongo wake uja!" Lyle, munthu womvera mpaka kupusa, anatembenuka n'kukweranso. Anthu akuseka chotero sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene chinkhwe chinaluma bwana Feldkamp.

Gawo litatha, osewera anandanda kuti awerame. Ndinazungulira kuseri ndipo ndinampeza pa kampando paja, manja pa mawondo, misozi ili chuchuchu.

"Tsika, ukawerame ndi anzako."

"Sanandiitane, Roz."

Ndinafuna kumumenya ndi foni yosalira ija, koma ndinangokhala pambali pake. Kutsogolo anthu ankaomba m'manja. Anaitana mmodzimmodzi, mpaka chinkhwe chinawerama pa dzanja la mwini wake. Kenako m'manja munaleka, ndipo tinamva nsapato za Doreen zikubwera n'kuima pansi pa masitepe.

"Lyle Dombrowski!" Anatchula dzina lake lenileni, holo yonse ikumva. "Babu lisiye. Tsika kuno, tikudikira iwe."