Nyani wa pa Kalata ya Malume

Kabukuko kanali ka masamu, ka chikuto chotuwa, masamba apakati atathothokamo kale. M'menemo ndimo ndinkamata anyani anga ndi utomoni wa mkuyu. Ndinali mu Sitandade 4 kwathu ku Simlemba, chaka chimene kunabwera aphunzitsi okonda kutolera masitampu. Anali a kumpoto, Chichewa chawo chokokera ku Chitumbuka. Makalata a mudzi wonse ankafikira m'manja mwawo, poti bokosi la ku positi linali la sukulu. Lachisanu ankaitana maina, ife n'kutengera makolo makalata. Lolemba tinkabwera ndi maenvulopu, iwo n'kutiphunzitsa kuviika ngodya m'madzi kuti sitampu imatuke yosang'ambika.

Anzanga ankatolera chilichonse, kaya mbalame, kaya maluwa. Ine anyani okha. Mwina poti ndinkakhalira kuwapirikitsa m'munda wa chimanga, ndiye kumuona nyani atakhala phee pakapepala, osaba kanthu, kunkandikomera. Ndinali nawo anayi: apusi awiri a pa makalata a ku Joni, changa wamaso ngati mbale, ndi chinyani chakuda cha chifuwa chotambalala chimene aphunzitsi anandisinthanitsa ndi mbalame zitatu.

Pakhomo tinali awiri, ine ndi mayi. Bambo anali atamwalira. Malume, mlongo wawo wa mayi, anali kalaliki ku boma, ndipo anathawa m'dziko ine ndili mu Sitandade 1. Anthu a chipani anabwera kawiri kudzafunsa komwe ali, mayi n'kuyankha mawu amodzimodzi, akuti kwa ife munthu ameneyo anafa. Masiku amenewo nyumba ikamveka kuti ikulandira makalata a othawa, dzina linkafufutidwa mu kalabu ya alimi, komwe feteleza ankapezeka wotsika mtengo, ndipo mwini nyumba ankakwezedwa galimoto. Ena ankabwerako, ena ayi. Wapampando wa kalabu ndi wapampando wa chipani m'mudzimo anali munthu mmodzi, ndipo mwana wake wamkazi ankakhala nane desiki imodzi.

Zonsezi ndinkazimva, koma ngati mmene mwana amamvera za ng'ona za kumtsinje umene sanapiteko.

Inali nyengo yowamba fodya wa chikopa. Zala zathu zinali zakuda ndi phula la masamba, utsi wa m'balani utalowa m'tsitsi ndi m'mabulangete momwe. Tsiku lina masana kunafika mayi wogulitsa mchere wa kutsidya kwa malire. Anakhala pakhonde, anayeza mchere, kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kukankhira envulopu pansi pa lichero. Ndinadziwa nditakula kuti malume ankaponya makalata ku Tanzania kupita kwa mayiyo ku Zambia, iye n'kuwaolotsa wapansi. Mayi anga anakawerengera kalatayo kuseri kwa balani, ataimirira, kawiri. Atatha anaiponya pamoto wofukiza fodya pamodzi ndi envulopu yake, n'kupita kukatunga madzi.

Moto wa m'balani suyaka, umangofuka. Kalata inapsa, koma envulopu inagwera pachikuni chachiwisi. Nditasuzumira ndinaona nyani amene sindinamuonepo, wakuda ndi ubweya woyera wolendewera m'mbali ngati mkanjo wa abusa. Ndinamuvuula ndi kamtengo. Ngodya imodzi inali itapserera.

Adzukulu anga amandiseka ndikamang'amba dzina langa pa kapepala kalikonse ndisanakataye, ngakhale ka kuchipatala. Amati agogo mumaopa chiyani, dziko linasintha. Ndimangowayang'ana. Pepala silisintha, limanena zomwe linaona kwa aliyense wolitola.

Lolemba ndinapita nako kabuku kusukulu kuti ndikaonetse anzanga. Woyamba kuona anali mnzanga wa padesiki uja. Anayamba kuwerenga zilembo za m'mphepete mokweza, chimodzichimodzi, mpaka dzina la dziko linatuluka lonse. Kenako anandifunsa kuti kodi kwanu ndani ali ku Tanzania.

Aphunzitsi anali pabolodi. Choko chinaima. Anabwera osafulumira, anatenga kabuku, anayang'anitsitsa. Chidindo cha ku positi chinkaoneka bwino, mwezi wake unali womwe wangothawo. Ndinaona chala chawo chachikulu chikuphimba chidindocho. Kunja kunkamveka ngolo ikudutsa.

"Iwe, sitampu iyi ndakhala ndikuifuna sabata yonse," anatero aphunzitsi. "Inali m'buku langa lakale limene anandipatsa abambo a ku mishoni. Unaitenga liti patebulo panga?"

Ndinati sindinabe, ndinaitola kwathu m'ba... Sindinamalize. Khofi linagwa pakamwa penipeni, mlomo n'kung'ambikira padzino. Munthu amene sanamenyepo mwana chibwerereni anandigwira dzanja, n'kundikwapula ndi nthyole kasanu pamaso pa onse, akunena kuti wakuba salankhula. Anamatula nyani uja n'kumuika m'thumba la malaya. Ndinkati ndikatsegula pakamwa, nthyole inkakwera m'mwamba.

Ndinafika kunyumba magazi ataumira pachibwano, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mayi akawayambira aphunzitsiwo. Ndinafotokoza zonse, za moto, za kamtengo, za mnzanga wowerenga mokweza. Mayi anakhala pansi pomwe anaimapo, padothi. Anangofunsa chinthu chimodzi, ngati ndinatchula mawu oti balani mpaka kumapeto. Nditati ayi, anapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

Mawa lake wapampando anabwera yekha. Anati akudzaona mmene fodya akuwambikira. Analowa m'balani, anagwiragwira masamba, maso ali paphulusa. Anatokosa ndi nsapato. Potuluka anati wamva kuti mwana wa pano ali ndi zithunzi za maiko akutali.

"Musandikumbutse manyazi, bambo," anatero mayi atagwada. "Mwanayu ndi wakuba. Waba kwa aphunzitsi, ndipo si koyamba, ngakhale shuga m'nyumba muno ndimachita kubisa. Mukamuona pakhomo panu muzitseka chitseko."

Ine ndinali pomwepo, ndikusoka fodya. Sindinabepo shuga chibadwire. Wapampando anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono, akuti ana amasiye ndi choncho, n'kumapita.

Kuyambira tsikulo mayi ankagwira ntchito nkhope italoza kumsewu. Galimoto ikalira kutali, manja awo ankaima. Wogulitsa mchere atabweranso, mayi anamubweza ali kubwalo, mokweza, akuti mchere wake ndi wamchenga. Sanabwerenso, ndipo kalata ya m'balani ija inakhala yomaliza. Fodya atagulitsidwa, anthu anasonkhana pabwalo la sukulu kumva maina a mu kalabu. Dzina la mayi linatchulidwa chakumapeto. Anayankha kuti ndilipo, mawu osanjenjemera, koma dzanja limene linagwira phewa langa linasiya zizindikiro za zikhadabo.

Za aphunzitsi aja, anthu amene ndawauza nkhaniyi amati anali munthu wabwino, anadziika pamoto chifukwa cha ife, poti munthu wa kumpoto kuvomera kuti sitampu yotere ndi yake sichinali chinthu chamasewera. Mwina. Koma ine ndimafunsa kuti nanga bwanji sanaiwotche? Anaiika m'thumba, ndipo mpaka tsiku limene anasamutsidwa, mayi ankawatumizira nkhuku akamva kuti ali ndi alendo, ngakhale sanapemphepo. Kaya kunali kuthokoza kaya kuopa, mayi anapita nazo kumanda.

Ine panthawiyo ndinkangodziwa kuti anzanga ayamba kubisa mapensulo ndikamalowa m'kalasi, ndi kuti amayi a m'mudzi ankasuntha madengu awo ndikamadutsa. Chimene chinkandizunguza mutu ndi mayi. Munthu yemweyo amene anauza mudzi wonse kuti ndine wakuba, m'mawa uliwonse ankafunditsa madzi, n'kunditsuka mlomo wotupawo pang'onopang'ono ndi kansalu, akuuzira kuti usawawe. Ndinkadikira kuti anene kuti akudziwa kuti sindinabe. Ankangoti ndisagwedezeke.