Laputopu Kuseri kwa Matumba a Mpunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, pamene achimwene anga a Wezi ananditumizira laputopu kuchokera ku Joni. Inabwera ndi munthu wina wa kwathu ku Kande, itakulungidwa m'bulangete pamodzi ndi nsapato za Ada, bambo athu. Pa foni achimwene anangoti, "Uphunzire kutaipa, Tamara. Za magemu ayi."

Ndikanaphunziradi pakanapanda kapepala kena kamene ndinakapeza m'katoni. Kanali ka Chingerezi, ndipo ndinakawerenga mpaka kukaloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Kankati posachedwa kutuluka pulogalamu yatsopano yoyendetsera kompyuta, ija yaikulu imene mapulogalamu ena onse amadalira. Kankatinso aliyense amene wagula makina ake m'miyezi imeneyo adzaipeza ulere, bola aitenge tsiku lina lake lisanadutse. Tsikulo ndinalizunguliza ndi bolopeni pa kalendala ya tchalitchi imene inali pakhoma.

Kuyambira pamenepo laputopu ija inasanduka yakale m'maso mwanga, chonsecho inali ikununkhirabe pulasitiki. Ndikaiyatsa ndinkangoiyang'ana monyansidwa, n'kuizimitsa. Ada akandifunsa kuti kutaipa kwafika pati, ndinkayankha ngati katswiri kuti palibe chifukwa chophunzirira pa chinthu chimene chikusintha mawa. Mtima sunkakhala m'malo. M'kalasi aphunzitsi akuphunzitsa za mitsinje, ine ndikuwerenga masiku pa zala. Ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira dzira, kulowa, kutuluka, kulowanso. Mukanandifunsa kuti yatsopanoyo idzachita chiyani chimene yakale inkakanika, sindikanakuyankhani. Ndinkangodziwa kuti ndi yatsopano ndipo ndi yanga.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Chintheche kukaonana ndi a Kamanga, bambo amene ankakonza mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemori khadi. Anaitembenuza laputopu ija, n'kuwerenga kapepala kanga akugwedeza mutu.

"Mwana iwe, iyi ili umampha, ilibe vuto. Ikutaipa, ikuimba. Ukufunanso chiyani?"

"Yatsopanoyo," ndinatero.

"Ndiye dikira. Ikatuluka, wina adzabwera nayo pa fulashi kuchokera ku Mzuzu, kaya pa Khirisimasi kaya chaka chamawa, ndidzakuikira. Koma yako yaulereyi uyenera kuidawuniloda wekha, ndipo si kanthu kakang'ono. Ndi netiweki yathu ino udzamera imvi isanafike theka." Pondibwezera anawonjeza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinati mumtima, nkhono zanuzo khalani nazo.

Pulogalamu ija inatuluka tili pa holide. Anandiuza ndi a Kamanga omwewo nditawaimbira foni kachinayi sabata imodzi. Tsiku langa la pa kalendala linali litayandikira, ndipo intaneti yamphamvu imene ndinkaidziwa m'dera lonse inali pamalo amodzi okha, kuntchito kwa Ama, mayi anga.

Ama anali wophika pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja. Anali atagwirapo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo onse ankawatchula kuti Anyamanda. Ntchito yawo ankaikonda moti kunyumba tinkatopa ndi nkhani zake. Alendo ena ankalemba m'buku la pa loji za nsomba yawo ya batala yootcha, ndipo Ama, amene sankawerenga Chingerezi, ankandiuza kuti ndiwawerengere kawirikawiri. Chinthu chimene ankanyadira koposa chinali kiyi wa chipinda chosungiramo zakudya, chimene onse ankangoti sitolo. Ankamumanga pa chingwe n'kumuvala m'khosi, m'kati mwa bulauzi. Mwa antchito onse, iwo okha ndiwo anali naye.

Intaneti ya pa loji inkachokera pa dishi imene inali padenga la ofesi. Inali yoyeza. Mwini wake ankagula gawo la mwezi wonse, ndipo likatha, latha. Makalata a alendo ofuna malo ankadzera momwemo. Antchito sankaloledwa kuigwiritsa ntchito, ndipo pa bala panali kabolodi kokhala ndi pasiwedi, kopempha alendo kuti asamadawunilode zinthu zikuluzikulu. Ndisaname kuti sindinkadziwa. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe, kungoti ndinkadziuza kuti pulogalamu imodzi siingamalize chinthu cha azungu.

Pa holide ndinkakonda kupita kukhitchini kukacheza ndi Ama, choncho palibe amene anadabwa kundiona ndi chikwama cha kusukulu. Lolemba masana Ama anavula kiyi uja n'kundiponyera. "Katenge anyezi, ndipo utseke bwino." Sitolo inagundana khoma ndi ofesi. Munali mdima, fungo la anyezi ndi sopo, ndi kulira kwa firiji yaikulu. Kuseri kwa matumba a mpunga wa ku Limphasa kunali soketi. Ndinagwada, ndinalumikiza laputopu, ndinalemba pasiwedi ija n'kuyamba kudawuniloda. Kamzere kosonyeza pamene pulogalamu yafika kanatuluka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Ndinaiphimba ndi thumba lopanda kanthu, ndinatenga anyezi, n'kutseka bwino monga anandiuzira.

Masiku atatu otsatira sindinadye mokhuta. Ndinasanduka mwana wothandiza zedi. "Ama, mchere sunathe? Ama, ndikatenge mafuta?" Iwo ankaseka n'kuuza anzawo kuti sekondale yandipatsa nzeru. Ndikalowa m'sitolo ndinkathamangira kuseri kwa matumba. Lachiwiri kamzere kanali katadutsa theka. Lachitatu m'mawa ndinakapeza katabwerera poyambira, chifukwa magetsi anali atazima kwa nthawi yaitali ndipo batire linatha. Ndinaluma mano n'kuyambitsanso. Sindinaganize n'komwe kuti zimene zinalowa poyamba zija zinadya kale gawo lake, ndipo tsopano ndikudya kachiwiri.

Lachinayi intaneti ya pa loji inafa. A manijala, mayi wina wamtali wa ku Dedza, ankangoyendayenda pakhonde foni ili kukhutu. Mwini loji anali kunja kwa dziko. Sabata imeneyo ankayembekeza galimoto yaikulu ya alendo, ija imabwera ndi anthu ambirimbiri n'kukhala masiku angapo. Otsogolera alendowo anali atalemba kalata yofuna kutsimikiza malo, ndipo atadikira yankho osaliona anakagona kwina. Ndinaona galimoto yawo ikudutsa pa msewu waukulu osakhota. Nsomba zimene Ama anagula zinali zitadzaza firiji.

Ndinafuna kukachotsa laputopu tsiku lomwelo, koma Ama sananditume kanthu, ndipo ndinaopa kupempha kiyi. Lachisanu kunabwera mnyamata wokonza intaneti kuchokera ku Mzuzu. Anakhala mu ofesi kanthawi, kenako anatuluka n'kunena kuti pali makina ena amene akumwa intaneti yonse, ndipo ali pafupi pomwepa. Anayang'ana ku bala ndi m'zipinda za alendo, osapeza kanthu. Pomaliza anaima pakhomo la sitolo. Ama anamutsegulira okha, mtima uli mbee. Ine ndinali pa mpando ndikusenda mbatata.

Mnyamata uja anatuluka ndi laputopu yanga ili ndi fumbi la mpunga. A manijala anatiitanira tonse awiri mu ofesi, n'kuiika patebulo.

"Anyamanda, chinthu ichi ndi cha ndani?"

Ama anaiyang'ana laputopu ija nthawi yaitali. Ine sanandiyang'ane ngakhale pang'ono.

"Ndi cha kunyumba kwanga, amanijala."

"Ndani anachiika m'sitolo?"

"Ndine."

"Inu mumadziwa kuyatsa kompyuta?"

"Ndiziwa cha," anayankha m'Chitonga kuti sadziwa, kenako n'kubwerera ku Chichewa. "Koma kiyi ndi wanga. Cholowa m'sitolo chimalowa ndi ine."

A manijala anatembenukira kwa ine. Sanali wopusa, ankadziwa. Anandifunsa mofatsa, "Tamara, uli ndi mawu?" Ndikukumbukira wotchi ya pakhoma ikugunda, ndi nyerere imene inkayenda pa simenti pafupi ndi chala changa. Ndinaganiza za Ada ndi ukali wawo. Ndinaganiza za achimwene akumva ku Joni, ndiponso kuti laputopu andilanda. A manijala anadikira ndithu, nthawi yokwanira kuti munthu anene zoona. Ine ndinapukusa mutu.

Madzulo omwewo mwini loji anaimba foni, ndipo ankafuna kuti Ama achotsedwe ntchito. A manijala anawachonderera mpaka anagwirizana zoti asachotsedwe, koma achoke kukhitchini apite kochapa zovala. Kiyi anayenera kubweza. Ama anakweza chingwe chija kuti achivule, ndipo chinakola pa duku. Analimbana nacho pamaso pa anthu mpaka duku linagwa pansi. Anaika kiyi patebulo ndi manja awiri, anatola duku lawo, n'kuthokoza m'Chitonga kuti, "Yewu, amanijala."

Tinabwerera kunyumba kudzera m'minda ya chinangwa, iwo patsogolo, ine pambuyo nditakumbatira chikwama. Ndinkayembekeza mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna. Siinabwere. Titayandikira kunyumba anafunsa osatembenuka, "Chimene unkafunacho chinatheka?" Ndinati chinatheka, chifukwa kamzere kaja kanali katafika kumapeto intaneti isanafe. Ada anangouzidwa kuti kuntchito asinthana malo, ndipo sanafunse zambiri.

Mawa lake ndinaiika pulogalamu ija. Zinatenga masana onse, makina akuzima n'kuyakanso okha. Potsiriza inabwera. Mitundu inali ina, tizithunzi tinali titasuntha malo, ndipo poyaka inkaimba kanyimbo kena. Ndinakhala ndikuiyang'ana, osadziwa chochita nayo, popeza ngakhale kutaipa sindinkatha. Ama anaima pakhomo atanyamula lichero.

"Ndiyo imeneyo?"

"Eya, Ama."

"Chabwino. Taiona." Anatuluka kukayanika chinangwa chawo.

Kochapa zovala anagwirako zaka zisanu ndi chimodzi. Ankabwera kunyumba zala zitatuwa ndi sopo, ndipo nthawi yozizira zinkang'ambika. Nkhani za kuntchito zija, zimene tinkatopa nazo, zinatheratu. Kukhitchini kunalowa bambo wina wa ku Mulanje, ndipo Ama akamapita kukayanika nsalu ankadutsa njira ya kuseri kuti asadutse pakhomo pake. Sanandinenepo kanthu ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinaphunzira kutaipa mwakhama ngati munthu wothawa chinachake, ndipo ndinadzinamiza kuti nkhaniyo inatha.

Lero ndimagwira ntchito yokonza makompyuta ku Mzuzu. Kukangomveka kuti kukubwera pulogalamu yatsopano, anthu amafika maso ali psuu, akufunsa ngati agule makina tsopano kapena adikire, ngati awo akale adzailandira. Ndimawafunsa kaye kuti imene ali nayo ikukanika kuchita chiyani. Ambiri amangoseka, ndipo sindiwaweruza, chifukwa matenda amenewo ndinadwalapo. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro langa linali lomwelo, loti phuma ndi loipa.

Koma ndinadzakumana ndi a manijala aja pa maliro ena ku Sanga, atapuma kale ntchito. Anandizindikira, ndipo tinakhala pambali pa mkeka. Nkhani ija anaiyamba ndi iwo.

"Ndinakudikira tsiku lija, mwanawe," anatero. "Ukanangovomera, ndikanauza abwana kuti ndi chibwana cha mwana, ndipo zikanathera pa kukalipa. Amayi ako ankaganiza kuti akukuteteza kwa apolisi, koma za apolisi panalibe. Nanga munthu wamkulu atavomera yekha pamaso pa anthu, ine ndikanatani?"

Ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti intaneti ija ndi alendo aja zinali zokhululukika. Chimene chinachotsa Ama kukhitchini kunali kupukusa mutu kwanga. Kulakwa mwana aliyense amalakwa, koma ine ndinaona munthu akusenza mlandu wanga ndipo ndinamusiya ausenze.

Kuchoka pa maliropo ndinapita ku Kande. Ndinawapeza Ama atakhala pakhonde, ndipo ndinagwada n'kuwauza kuti ndine ndinaika laputopu m'sitolo muja. Anaseka pang'ono n'kunena kuti ankadziwa kale, kuyambira tsiku limene ndinayamba kukonda kutumidwa. Ndinawauzanso zimene a manijala anandiuza. Kuseka kunatha. Anayang'ana manja awo, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti ndikanakhalabe kukhitchini?"

Ndinati eya, akanakhalabe.