Bulangete la Manja Awiri

Anzanga, nkhani iyi yakhala pakhosi panga miyezi inayi. Lero ndiilavule basi.

Ndinakumana naye Loweruka lina m'holo momwe timalukira mabulangete. Tilipo azimayi khumi ndi awiri, wamng'ono ndine. Timaluka, timagulitsa, ndalama zake zimakathandiza ku wodi ya ana obadwa masiku asanakwane.

Iye anabwera kudzajambula mabulangetewo kuti tiziwatsatsa pa intaneti. Azimayi anamupatsa dzina pompo: a Kamera.

Anaima kumbuyo kwanga n'kumayang'ana zala zanga.

"Asisi, inu bwanji mukuluka chobwerera m'mbuyo?"

"Ndine wamanzere, achimwene. Kapena n'zoletsedwa?"

"Ayi, kungoti kamera yanga yasokonezeka..."

Ndinaseka mpaka ulusi unapulumuka pa singano. Ndikanadziwa ine!

Kuyambira pamenepo sankaphonya Loweruka. Ankakhala patsogolo panga atatambasula manja, ine n'kumakulunga ulusi kuchokera m'manja mwakemo. A Tcheya athu ankatiseka.

"A Kamera, manja amenewo mwawalembetsa ganyu kwa mwana wathuyu?"

"Ganyu yake ndi ya moyo wonse, amayi," ankayankha choncho, maso ali pa ine.

Atandifunsira sindinavute. Ndinali nditagwa kale.

Tsiku lina ndinamuonetsa chinthu chomwe sindinaonetsepo munthu. Amayi anga anamwalira chaka chatha akuluka bulangete lachikasu. Linatsala theka, singano ili chibayire pomwe anasiyira. Ndinkalisunga pansi pa sutikesi, kulikhudza ndinkaopa.

"Limalize, bebi," anatero. "Ukufuna lidyedwe ndi njenjete?"

Ndinalimaliza m'masabata asanu ndi limodzi. Koma amayi ankaluka ndi dzanja lamanja, mothinana. Ine wamanzere, ndipo ndimaluka motayirira. Pakati pa bulangetelo panatuluka mzere woonekeratu, pomwe manja awo anathera n'kuyambira anga.

Ndinafuna kumasula. Anandigwira dzanja.

"Usamasule. Apa ndi pomwe wagwirana chanza ndi amayi ako."

Ndinalira pachifuwa pake, anzanga. Mumtima ndinati mwamuna ndi ameneyu, wina ndimufuniranji?

Bulangetelo ndinalipereka ku gulu. Inenso ndinabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinadziwa kuti amayi akanakondwera. A Kamera analijambula, patangotha masiku awiri anandiimbira foni.

"Lagulidwa! Mayi wina wakutali walikonda."

Ndalama anabweretsadi zonse, pamenepo sindingamunamizire. Zinandiwawa kusiyana nalo, koma ndinadzitonthoza kuti likafunditsa munthu wosandidziwa.

Patapita mwezi tinapita ku wodi kuja kukapereka tizipewa ndi timasokosi. Iye anati sabwera, ali ndi ukwati woti ajambule.

M'wodimo munali kutentha, fungo la mankhwala lili guu. Pa bedi lomaliza, pafupi ndi windo, panakhala mayi wina ataika khanda pachifuwa. Anali atafunda bulangete lachikasu.

Ndinati mwina maso akundinamiza. Mabulangete achikasu alipo ambiri. Ndinayandikira... mzere uja uli pomwepo.

"Mayi, bulangete lanuli n'lokongola. Munagula kuti?"

Anamwetulira motopa. "Anabweretsa ndi bambo ake a mwanayu. Amajambula zithunzi. Akuti analuka ndi kamtsikana kena kamasiye ka ku gulu lawo. Amangokathandiza, amakamvera chisoni."

Kamtsikana kamasiye.

Ndinagwira chitsulo cha bedi.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. A Kamera, fulasiki kumanja, beseni la matewera kumanzere. Ukwati woti ajambule unali umenewu! Atandiona anaima chilili, pakamwa pali yasa.

"Mukudziwana?" anafunsa mkazi wakeyo.

Ndinamuyang'ana mwamuna uja. Maso ake ankandichonderera.

"Ndi a Kamera," ndinatero. "Amatijambulira."

Ndisakunamizeni, anzanga, mtima unandiuza kuti lilande. Ndi la amayi ako, litenge uzipita, zotsalazo akambirane okha. Dzanja ndinalitambasula kale.

Kenako ndinaona kadzanja. Tizala tating'ono ngati timitengo ta machesi, titatulukira pa kabowo ka ulusi, pa mzere womwe uja. Kamwanako kanali katagwira zolimba, kakupuma mofulumira.

Kalakwa chiyani kameneka? Nanga mayi akewo, amene sakudziwa kanthu? Inenso ndinagonapo pachifuwa chotere, wina atandifunditsa.

Dzanja langa lija linangokafikira pa kaulusi komwe kanasomphoka m'mphepete. Ndinakalowetsa bwinobwino.

"Muzilichapa ndi madzi ozizira, mayi. Osalifinya, lingatambasuke."

"Zikomo asisi. Mukakaona kamtsikanako mukakathokoze."

"Kamva," ndinayankha.

Ndinatuluka osacheuka. Ndinakalirira kuseri kwa wodi, pomwe amayanika zovala, a Tcheya atandigwira phewa.

Madzulo ake mameseji anayamba kugwa. "Sole bebi, ndikufotokozera." "Ndimafuna ndikuuze, nthawi ndi imene imavuta." Ndinamubuloka. Ku holo sanabwerenso.

Ine ndikulukabe. Ulusi masiku ano ndimakulunga pa miyendo ya mpando, chifukwa mpando sungakhale ndi mkazi kunyumba.

Mwamunayo sindikumulira, ayi. Munthu amene wadziwa pomwe pali bala lako ndi amene amalasa bwino, ndiye musamafulumire kutsegulira aliyense sutikesi, anzanga.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chinthu chomaliza chomwe ine ndi amayi anga tinagwira limodzi chimayanikidwa pa chingwe cha kunyumba kwake. Ndipo ndinachisiya ndekha.